Tsamba la Omar Yaghi pa Google Scholar: manambala onsewa akutiuza chiyani?

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Akuluakulu, za Nobel ya kemisitiri mwamva kale. Analengeza pa 8 Okutobala 2025 kuti yapita kwa Susumu Kitagawa wa ku Kyoto, Richard Robson wa ku Melbourne ndi Omar Yaghi wa ku Berkeley. Ndikufuna kuwafotokozera ana anga a Fomu 4 za mmodzi mwa atatuwa, ndiye ndatsegula tsamba la Yaghi pa Google Scholar, pomwe amaonetsa mapepala a kafukufuku amene munthu walemba. Mapepala oposa 300, ma citation opitirira 200,000, m'munsimo muli h-index ndi i10-index. Mwana akandifunsa kuti "aphunzitsi, nambala imeneyi ndi ya chiyani?" ndimuyankhe bwanji? Ndi malikisi? Kapena ndi chiwerengero cha anthu amene anawerenga?

Gama ku Leeds:
Aphunzitsi, si malikisi, komanso si owerenga. Citation imodzi ndiye kuti munthu wina, polemba pepala lake la kafukufuku, waika pepala la Yaghi pa mndandanda wa ntchito zomwe watsamirapo. Kaya akugwirizana nalo, kaya akulitsutsa, kaya sanalitsegule n'komwe wangokopera kwa mnzake, kompyuta imangoti imodzi. h-index anaiyambitsa Jorge Hirsch, wa fizikisi ku San Diego, mu 2005. Munthu wa h-index 9 ali ndi mapepala 9 amene lililonse latchulidwa kosachepera ka 9. Kuti ifike pa 10 sikokwanira kungolemba pepala lina, pafunika mapepala 10 onse atatchulidwa ka 10. i10 ndi ya Google yokha, imangowerenga mapepala amene afika pa 10 kupita m'mwamba.

Chisale:
Ndiye nkhani yatha. Wa nambala yaikulu ndiye katswiri. Nobel yangosainira zomwe kompyuta inanena kalekale.

Nangozo wa ku laibulale:
Achimwene a Chisale, tadekhani kaye. Mu 2011 kampani ya Thomson Reuters inatulutsa mndandanda wa akatswiri 100 a kemisitiri potengera mmene mapepala awo a pakati pa 2000 ndi 2010 anatchulidwira. Woyamba anali Charles Lieber wa ku Harvard, wachiwiri Yaghi, wachitatu Michael O'Keeffe wa ku Arizona State. Lieber alibe Nobel, ndipo mu 2021 khoti la ku Boston linamupeza wolakwa pa mlandu wobisa ubale wake ndi yunivesite ina ya ku Wuhan komanso ndalama zomwe ankalandirako. O'Keeffe nayenso alibe, chikhalirecho dzina lake lili pa mapepala akuluakulu a Yaghi omwewo. Pamene Robson, amene nambala zake sizifika ngakhale pafupi ndi za Yaghi, walandira gawo lofanana ndendende ndi anzakewo.

Chisale:
Koma wachiwiri uja wapata, mayi. Musandiuze kuti ndi mwangozi.

Gama ku Leeds:
Si mwangozi ayi, pamenepo ndikuvomera. Kwa Yaghi nambala ndi ntchito zikuyendera limodzi. Aphunzitsi, anawo muwauze chonchi: atatuwa apatsidwa Nobel chifukwa cha zinthu zotchedwa MOF, chidule cha metal-organic framework. MOF ili ngati mitengo ya denga musanafolere. Pamfundo pamene mitengo yakumana pali chitsulo, mitengoyo ndi mamolekyu a kaboni, ndipo pakati ponse ndi mphako zokhazokha zoti mpweya kapena chinyezi chilowemo. Dzina loti metal-organic framework linatchuka ndi pepala la Yaghi la mu journal ya Nature mu 1995. Koma lomwe linagwedeza anthu ndi la 1999, la MOF-5. Anagwiritsa ntchito zinki ndi terephthalic acid, asidi yemweyo amene amapangira mabotolo apulasitiki a madzi akumwa aja. Anachotsa zonse zomwe zinali m'mphakomo, chinthucho osagwa, n'kuchitenthetsa mpaka madigiri 300, chili chilili. Mutati muyale makoma onse a m'kati mwa magalamu ochepa chabe a ufa umenewu, malo ake angakwane bwalo la mpira. Ambiri amene anapanga MOF zawo pambuyo pake, ndipo zilipo masauzande ambirimbiri, ankayamba ndi kutchula pepala limeneli.

Madala a Labotale:
Ana inu mukuthamangira Yaghi, ine nkhani yomwe yandikhudza ndi ya mkulu mnzanga Robson. Anabadwa mu 1937 ku Yorkshire. Mu 1974 ali ku Melbourne anapatsidwa ntchito yokonza timipira tamatabwa toti ophunzira a chaka choyamba azilumikiza ndi timitengo poonetsa mmene maatomu amagwirirana. Amisiri a ku wekishopu ankafuna awauze poboola, chifukwa bowo likapendama pang'ono molekyu yonse imatuluka yokhota. Poika zizindikiro zoboolerapozo ndi pamene anaona kuti malo a mabowo ndi amene akulamula chomwe chimangidwe, n'kudzifunsa kuti bwanji m'malo mwa maatomu atalumikiza mamolekyu athunthu. Pepala lake ndi Bernard Hoskins linadzatuluka mu 1989 mu Journal of the American Chemical Society. Werengani nokha, zaka 15. Anagwiritsa ntchito kopa ndi molekyu ya manja anayi, n'kutuluka kristalo yomangidwa ngati dayamondi koma yodzaza mphako. Inali yosalimba, ambiri anaiona ngati choseweretsa. Tsopano ndiuzeni, zaka 15 zimenezo zikuoneka pati pa Google Scholar?

Chisale:
Madala, zikanakhala kuno akanawafunsa kuti malipiro mukulandirira chiyani.

Madala a Labotale:
Ankaphunzitsa, mwanawe. Imeneyonso ndi ntchito.

Namoyo:
Pepani akuluakulu, ndilowerere ndi vuto langa poti likukhudza zomwezi. Ndamaliza digiri yoyamba ya kemisitiri ndipo mphunzitsi wina pa yunivesite ina kuno kumudzi wavomera kukhala supavaiza wanga wa masters. Kafukufuku wake ndi wa madzi a m'mijigo. Nditayang'ana tsamba lake ndapeza h-index 9. Mnzanga amene ali ku Joni akuti ndikutaya nthawi, ndifune munthu wa 40 kupita m'mwamba chifukwa dzina la supavaiza ndi lomwe lidzanditsegulire makomo a PhD. Ndiye nditaona za Yaghizi mtima wangoti zii.

Gama ku Leeds:
Achemwali, mnzanuyo sakunama kwenikweni, dzina limathandiza. Koma mukuyerekeza zinthu zosayerekezeka. Pa MOF pali malabotale mazanamazana ku China, ku America, ku Ulaya, ku Japan, onse akulemba mwezi ndi mwezi ndipo akutchulana. Amene akuyeza fluoride m'mijigo ya ku Nathenje kapena mchere m'madzi a pansi ku Chikwawa, anthu oti amutchule alipo angati padziko lonse? Akhoza kugwira ntchito yopanda chilema, koma anthu olemba za nkhani imeneyo ndi owerengeka, ndiye nambala siingakwere. Komanso h-index siitsika, imangokwera ndi zaka. Wa zaka 60 amene anasiya kulowa mu labotale kalekale adzaoneka wamkulu kuposa wa zaka 38 amene akugwira ntchito usiku ndi usana.

Tsegulaninso tsambalo, koma musayang'ane nambala ya pamwamba. Dinani pa chaka kuti mapepala atsopano abwere poyamba. Pazaka zisanu zapitazi watulutsa chiyani? Kenako onani dongosolo la mayina. Mu kemisitiri nthawi zambiri dzina loyamba ndi la amene anagwira ntchito ndi manja, lomaliza ndi la mwini labotale. Pa pepala la MOF-5 lija woyamba ndi Hailian Li, kenako Mohamed Eddaoudi, O'Keeffe, Yaghi kumapeto. Eddaoudi lero ndi pulofesa wodziwika pa yunivesite ya KAUST ku Saudi Arabia. Ndiye funso ndi lakuti, pa mapepala a mphunzitsi wanuyo, mayina oyambawo ndi a ophunzira ake? Ngati ndi choncho, ndiye kuti amene amalowa m'manja mwake amatuluka ndi pepala. Ngati iye ali pakati nthawi zonse, wachisanu mwa anthu 12, ndiye kuti amangokwera nawo.

Nangozo wa ku laibulale:
Ndionjezere apo. Citation siigawidwa. Pepala la anthu 12 likatchulidwa ka 100, aliyense mwa 12 aja amalandira 100 yathunthu, kuphatikizapo amene anangobwereketsa galimoto yokatengera masampulo.

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Haa, ndiye galimoto yanga ndiyambe kuibwereketsa.

Namoyo:
Ndayang'ana. Mapepala anayi omaliza, atatu mayina oyamba ndi a anthu amene ndikudziwa kuti anali ophunzira ake. Limodzi lili mu journal ya kunja, enawo a konkuno ku Africa.

Madala a Labotale:
Apo pali poyambira, mwanawe. Tsopano siya foni, pita ukaone labotaleyo ndi maso. Funsa ngati makina a AAS, oyezera zitsulo m'masampulo, akuyaka, gasi wake alipo, nyale za zitsulo zomwe ukufuna kuyeza zilipo. Ndaonapo ana akukhala ndi masampulo mufiriji mpaka malebulo kufufutika, kudikira botolo limodzi la acetylene. Ukapeze teknishani, umupatse moni bwinobwino, ndiye amene angakuuze zoona. Ukafunsenso amene anamaliza kale kuti chaputala chikapita kwa bwanayo chimabwerako patapita nthawi yaitali bwanji. Zimenezo sizilembedwa pa intaneti.

Chisale:
Ndalola mwalankhula nonse, tsopano ndimveni. Inu mukunyoza manambala chifukwa simunakhalepo pa mzere wodikira kukwezedwa pa ntchito. Chotsani manambala, chitsale n'chiyani? Kutsala komiti ya anthu asanu otsekeredwa m'chipinda, ndipo funso limasanduka lakuti uyu ndi wa kuti, anaphunzitsidwa ndi ndani, amapemphera kuti, pa maliro a apongozi a bwana anabwera kapena ayi. h-index ili ndi zilema zake, koma ilibe malume. Mtsikana wochokera kumudzi wopanda womudziwa akhoza kuloza pa tsamba n'kunena kuti anthu 300 a ku mayiko ena anatchula ntchito yanga, inu mwatchulidwa kangati? Chida chimenecho musatilande.

Gama ku Leeds:
Pamenepo a Chisale mwalasa. Sindikutsutsani.

Nangozo wa ku laibulale:
Inenso ndikumva, koma malume amalowanso mu nambala, amangosintha chovala. Nkhani ya Rafael Luque munaimva? Katswiri wa kemisitiri wa ku yunivesite ya Córdoba ku Spain, amene anakhala zaka zingapo pa mndandanda wa kampani ya Clarivate wa akatswiri otchulidwa kwambiri. Mu 2023 nyuzipepala ya El País inalemba kuti yunivesite yake inamuimitsa ntchito kwa zaka 13 popanda malipiro chifukwa ankasainira mapepala ngati wofufuza wa King Saud University ku Riyadh ndi yunivesite ina ya ku Moscow, pamene anali wolembedwa ntchito ku Córdoba. Kumayambiriro kwa chaka chimenecho ankatulutsa pepala limodzi pa maola 37 alionse. Madala atiuze ngati pa maola 37 munthu angayeze, kulemba, n'kuwerenganso.

Madala a Labotale:
Maola 37 ine ndimakhala ndikudikirabe kuti sampulo iume mu uvuni.

Nangozo wa ku laibulale:
Chifukwa chake mayunivesite amafuna anthu oterewa n'chakuti pa mndandanda wa Shanghai wa mayunivesite apamwamba padziko, kuchuluka kwa akatswiri otchulidwa kwambiri kumatenga 20 peresenti ya malikisi. Munthu mmodzi akalemba dzina la yunivesite yanu, mumakwera. Clarivate yomweyo mu 2023 inachotsa anthu oposa 1,000 pa mndandanda wake, ndipo gawo la masamu inalichotseratu lonse chifukwa cha magulu otchulana okhaokha. Chaka chomwecho mapepala oposa 10,000 amene anali atatuluka kale anachotsedwa m'ma journal padziko lonse, ambiri mwa iwo a kampani ya Hindawi.

Ndipo Google Scholar ndiye yosavuta kuipusitsa. Mu 2010 Cyril Labbé wa ku Grenoble anapeka wasayansi wongoyerekeza dzina lake Ike Antkare, n'kumulembera mapepala opangidwa ndi kompyuta otchulana okhaokha. Munthu wosakhalakoyo anafika pa h-index 94, kuposa Einstein.

Chisale:
Akuba ndalama aliponso, koma sitinasiye kugwiritsa ntchito ndalama.

Gama ku Leeds:
Zoona, koma timayang'ana pepala la ndalamalo padzuwa. Ndipo ngakhale popanda chinyengo, nambala imakonda mitundu ina ya mapepala. Pepala lomwe latchulidwa kwambiri m'mbiri ya sayansi ndi la Oliver Lowry ndi anzake, la 1951, la njira yoyezera mapuloteni. Pamene Nature inawerengera mu 2014 linali litadutsa 300,000. Pepala limodzi. Si kuti linaposa nzeru zonse, koma aliyense woyeza puloteni amayenera kunena njira yomwe watsata. Pa tsamba la Yaghi lomwelo, taonani pamwamba: limodzi mwa otchulidwa kwambiri ndi la mu Science mu 2013, lomwe si kafukufuku watsopano koma kusonkhanitsa ndi kufotokoza zomwe zachitika pa MOF. Mapepala otere amakolola ma citation chifukwa aliyense amawatchula m'ndime yoyamba.

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Nanga mndandanda uja umazungulira pa WhatsApp chaka ndi chaka, woti akatswiri apamwamba a ku Malawi, umachokera kuti?

Nangozo wa ku laibulale:
Nthawi zambiri umakhala wa AD Scientific Index, ndipo umatenga nambala zake pa Google Scholar. Amene sanatsegule tsamba lake, kapena analibisa, sapezekapo, kaya akhale pulofesa wa zaka 30. Mudzaonanso kuti pamwamba pamadzaza azachipatala, chifukwa kafukufuku wa malungo ndi HIV amachitika m'magulu akuluakulu a mayiko ambiri ndipo amatchulidwa kwambiri. Wa kemisitiri sangapikisane nawo pa mndandanda umodzi. Wina ndi uja amati wa Stanford, wa 2 peresenti ya pamwamba, wokonzedwa ndi John Ioannidis ndi anzake. Umenewo umatenga ku Scopus, nkhokwe ina yowerengera ma citation, umasiyanitsa magawo a sayansi, ndipo umaonetsa nambala ya munthu mutachotsa kudzitchula yekha. Koma Scopus ili ndi mpanda wake. Ma journal ambiri a kuno amene ali pa AJOL, tsamba la ma journal a ku Africa, mulibemo, ndiye munthu yemweyo amakhala ndi h-index ina pa Google, ina yocheperako pa Scopus, inanso pa Web of Science. Wina akakuuzani nambala, mufunseni kuti ya kuti.

Madala a Labotale:
Ndipo musaiwale kuti kwathu kuno kemisitiri inachitika. A John Saka ndi a Jerome Msonthi ku Chancellor College anatulutsa pepala mu 1994 loyeza zakudya zopezeka mu zipatso zakutchire monga malambe ndi masuku. A Samson Sajidu anafufuza mmene njere za cham'mwamba zingachotsere zitsulo zoopsa m'madzi. Ntchito zimenezi sizidzafika pa 200,000, koma amene akufuna kudziwa zomwe zili mu suku la ku Malawi sakazipeza ku Berkeley.

Chisale:
Koma madzi akhoza kukawapeza ku Berkeley, madala. Si Yaghi yemweyu akukolola madzi mumpweya wa m'chipululu? Bwanji osabweretsa makinawo ku Nsanje m'malo molimbana ndi mijigo yamchere?

Gama ku Leeds:
Nkhaniyo ndi yoona, ndipo ili ndi chiyambi chake. Yaghi anabadwira ku Amman mu 1965, m'banja la othawa kwawo a ku Palestine. Anakulira m'chipinda chimodzi ndi abale ake ambiri pamodzi ndi ziweto, madzi akubwera pa mpopi kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri, kwa maola ochepa. Anapita ku America ali ndi zaka 15, n'kuyambira pa koleji yaing'ono ya Hudson Valley ku Troy, New York, akugwira maganyu m'sitolo. PhD anaipeza ku Illinois mu 1990. Kenako Harvard, Arizona State, Michigan, UCLA, n'kufika ku Berkeley mu 2012. Aphunzitsi, ana anu muwauze zimenezi, zingawalimbitse mtima kuposa h-index.

Koma za Nsanje tiyeni tiwerenge kaye. Pamene anayesa m'chipululu cha Arizona, zotsatira zomwe anatulutsa mu 2018 zinali pafupifupi magalamu 100 a madzi pa kilogalamu imodzi ya MOF-801 pa usiku ndi usana umodzi, pogwiritsa ntchito dzuwa lokha. Sizikwana ngakhale theka la kapu. MOF-801 imafuna zirconium, chitsulo chodula, n'chifukwa chake anasamukira ku MOF-303 ya aluminiyamu, ndipo ndi mafani ndi masola zokolola zinakwera. Komabe banja limodzi la kumudzi limatunga ndowa zingati pa tsiku? Ku Nsanje vuto si kusowa kwa madzi mumpweya kapena pansi, mtsinje wa Shire uli pomwepo. Vuto ndi kudziwa pobowola pomwe palibe mchere, ndi kuyeretsa omwe alipo. Imeneyo ndi ntchito ya anthu ngati supavaiza wa achemwali athuwa.

Chisale:
Mwandibweza pomwe ndimathawa.

Namoyo:
Funso lina laling'ono. Ndikadzamaliza, pepala langa ndingalitumize ku ma journal akuluakuluwo? Ndamva kuti amalipiritsa.

Nangozo wa ku laibulale:
Ena amalipiritsa, ena ayi. Nature itayamba kulola kuti pepala liwerengedwe mwaulere ndi aliyense mu 2021, mtengo wake unali mayuro 9,500 pa pepala limodzi. Koma ma journal ambiri a kemisitiri salipiritsa wolemba ngati wavomera kuti pepalalo likhale la olembetsa okha, ndipo makampani angapo amakhululukira olemba a ku mayiko ngati Malawi, bola upemphe usanatumize. Chomwe uyenera kuthawa ndi imelo yokutamanda, yokulonjeza kuti pepala lituluka pa sabata imodzi ukangotumiza madola. Pepala likalowa m'menemo silitulukanso, ndipo pofunsira PhD limakuchotsera ulemu m'malo mokuonjezera. Usanatumize kulikonse, bwera ku laibulale tidzayang'ane limodzi. Tsegulanso ORCID panopa, ndi yaulere, kuti mapepala ako asasokonezeke ndi a anthu ena a dzina ngati lako. A Banda ndi a Phiri amadziwa vuto limeneli.

Mphunzitsi wa ku Dedza:
Ine ndapeza zokwanira phunziro la Lachisanu. Timipira ta Robson tija tipanga ndi dongo ndi timitengo ta machesi, anawo aboole okha aone chomwe chichitike bowo likapendama.

Madala a Labotale:
Aphunzitsi, kaboni manja anayi, madigiri 109.5 pakati pake. Dongo likhale lofewa pang'ono, likauma limasweka pobaya.

Admin:
Kwa amene akufuna, Loweruka madzulo tikambirane mapepala awiri, la Hoskins ndi Robson la 1989 ndi la MOF-5 la 1999. Onse ndi aafupi. A Nangozo, Research4Life, ija yotitsegulira ma journal olipiritsa, ikutsegula onse awiri?

Nangozo wa ku laibulale:
Ndiyesa mawa ndikafika ku ofesi, ndikuuzani pompano.

Chisale:
Ine ndibwera, koma la 1999 ndiwerenga loyamba. Lili ndi ma citation ambiri.